Maximum stress, Tsai-Wu kapena Hashin: nambala ya 0.5 sifanana

Mukamaliza kuyendetsa sandwich panel (zikopa ziwiri zopyapyala za ulusi ndi utomoni zomatidwa pa core, chapakati chopepuka) mu pulogalamu ya pakompyuta yoyesera mphamvu ya zinthu monga Nastran, Abaqus kapena Ansys, chithunzi chikatuluka chobiriwira mtima umakhala pansi. Musafulumire. Dziwani kaye kuti failure index, nambala yosonyeza ngati chinthu chayandikira kusweka, yawerengedwa ndi njira iti.

Maximum stress ndi yosavuta kumva. Imatenga stress (kukokedwa kapena kupanikizika kwa m'kati mwa chinthu) ya mbali iliyonse n'kuigawa ndi mphamvu ya zipangizo ku mbali yomweyo. Ikati 0.5, katundu angawirikizidwe kawiri chinthu chisanayambe kuwonongeka, ndipo imakuuzani ngati vuto lili pa ulusi, pa utomoni kapena pa shear (mphamvu yosereretsa zigawo ngati yometa). Kuipa kwake n'kwakuti siona kuti stress ziwiri zikakumana zimathandizana kuphwanya.

Tsai-Wu, ya mu 1971, imaphatikiza zonse mu nambala imodzi, ndipo ambiri amasokonekera pomwepa. Zigawo zake zina zimakula mofanana ndi katundu, zina zimakula kanayi katundu akawirikiza kawiri, choncho 0.5 sikutanthauza kuti mwatsala ndi theka. Tsai-Hill, njira ina yofanana nayo, imaonetsa bwino zimenezi: pa 0.5 katundu angakwere ka 1.41 kokha, ndipo kuti awirikize kawiri index iyenera kukhala 0.25. Tsai-Wu imatha kutulutsa ngakhale nambala yochepera ziro. Ilinso ndi F12, nambala yosonyeza mmene stress za mbali ziwiri zimakhudzirana, yofuna kuyesa chinthu pochikoka mbali ziwiri nthawi imodzi, ntchito yovuta moti ambiri amangoyerekeza kapena kuikapo ziro. Index ya Tsai-Wu ikadutsa 1 sinena chimene chasweka.

N'chifukwa chake ine ndimayang'ana strength ratio ya Nastran (imanena kuti katundu angachulukitsidwe kangati chinthu chisanasweke) kapena inverse reserve factor ya Ansys ACP (1 kugawa ndi nambala imeneyo), osati index yeniyeniyo. Ziwirizi zimayenda limodzi ndi katundu, bola analysis ikhale linear, kutanthauza kuti stress imakula mofanana ndi katundu. Chenjerani, zimawerengedwa motembenuzana: strength ratio yotsika pa 1 ndi ngozi, pomwe inverse reserve factor ngozi ndi ikapitirira 1.

Hashin, ya mu 1980, imalekanitsa kuduka kwa ulusi ndi kung'aluka kwa utomoni, pokoka ndi popanikiza. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, poti utomoni ukang'aluka mu ply (mpanda wa ulusi) imodzi panel imatha kupitiriza kunyamula, koma ulusi ukaduka nkhani yatha. Puck imapita patsogolo pofufuza ngodya imene mng'alu udzere, ndipo inachita bwino pa World-Wide Failure Exercise, kafukufuku woyerekeza njirazi ndi zotsatira za mayeso enieni, koma imafuna manambala ena oti muikemo.

Zonsezi zimayang'ana zikopa ziwiri zakunja zokha. Sandwich kawirikawiri imagonja mwa njira zina: core kumeteka ndi shear pafupi ndi pomwe yatsamira, chikopa chopanikizidwa kuchita makwinya, kubooka pansi pa katundu wa pamalo amodzi, kapena guluu kumatuka. Makwinya amadalira stiffness (kukana kupindika) ya chikopa ndi ya core, ndiye Tsai-Wu ingaonetse 0.3 pomwe chikopa chatsala pang'ono kupindika. Core ya honeycomb (yooneka ngati chisa cha njuchi) nayo ndi yolimba ku mbali ya L, yotsata timizere take, kuposa ya W, yopingasa. Mukasokoneza mbalizi mu model, zotsatira za shear n'zabodza.

Poyamba kupanga design, maximum stress pamodzi ndi strength ratio ya Tsai-Wu zikukwanirani. Hashin kapena Puck ibwere mukafuna kudziwa chimene chiyambe kusweka. Core ndi makwinya ziwerengereni padera nthawi zonse, ndipo pamene pali zomangira kapena ma insert (tizitsulo tolowetsedwa mu core) gwiritsani ntchito solid elements (tizidutswa ta model tokhala ndi kuchindikala), chifukwa shell wamba (kachidutswa kopyapyala ngati pepala) siona core ikamaphwanyika m'kuchindikala kwake.