Chaja ya batire la boti: yotchipa kapena yodzichepetsera moto yokha?

Chaja yotchipa ya pamsika imangothira moto osaleka. Mukaiwala kuizula, batire la mavoti 12 limatentha, madzi ake n'kuphwa, mapuleti n'kuwonongeka. Ubwino wake ndi mtengo basi.

Inayo, yomwe amati smart charger, imayamba mwamphamvu mpaka batire lifike mavoti cha m'ma 14.4, kenako imatsitsa moto kufika cha m'ma 13.5, moti mutha kuisiya chilumikizire osada nkhawa. Kwa batire la 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), chaja ya maampu 10 (muyeso wa moto umene chaja imathira) yakwana. Msodzi wa usipa amene nyali zake zimadalira batire usiku ndi usiku, ine ndingamuuze kuti alimbe mtima agule imeneyi, koma ikhale yosalowa madzi, poti chinyezi chimachititsa dzimbiri. Batire likakhala la lithiamu, yotchipa ija iwalani.