Musanabowole mjigo ku Lusaka: saveyi yaulere kapena katswiri wolipidwa?

Amene agula poloti ku Chalala, ku Lusaka West kapena chakumpoto cha ku Chunga amafunsa funso limodzi: pansi panga pali madzi? Oyankha alipo anayi, koma sayankha mofanana.

Wamawaya, uja amayenda ndi timawaya tiwiri m'manja, ndi wotchipa, koma sangakuuzeni kuya kwake kapena mtundu wa mwala. Pakati ndi kumwera kwa mzinda pali mwala wa dolomite wodzaza ming'alu ndi mapanga, kotero iye amalondola kawirikawiri chifukwa madziwo ngofala kale. Kumpoto kuli schist, mwala wouma mtima, ndipo kumeneko mwayi wake umatha.

Kufunsa aneba n'kwaulere ndipo kumathandiza kuposa momwe ambiri amaganizira. Pitani pa mijigo itatu kapena inayi yapafupi. Funsani kuti anabowola mamita angati, madzi anawapeza pa mita iti, casing (mapaipi otchinga khoma la dzenje kuti lisagumuke) inalowa yaitali bwanji, ndipo mu Okutobala mpope umakokabe kapena umapuma. Vuto lake n'lakuti mu dolomite madzi amatsata mng'alu: neba akhoza kukhala ndi madzi osefukira, inu mamita 20 chabe kuchoka pamenepo n'kupeza fumbi.

Tsono saveyi yaulere ya kampani yobowola. Iyi ndiyo yaliritsa anthu ambiri. Woyeza ndi wa kampani yomwe idzalipidwe pa mita iliyonse, madzi atuluke kapena asatuluke. Amafika ndi kamakina kam'manja, n'kuzungulira mphindi zochepa, n'kuloza malo amene galimoto yawo ingaime mosavuta. Lipoti lolembedwa palibe. Dzenje likauma, mgwirizano umati mulipirebe, ndipo kusamukira pa malo ena ndi ndalama zinanso.

Mtengo wobisika weniweni uli pa casing. Mtengo umene amakutchulirani poyamba nthawi zambiri umangophimba mamita ochepa a pamwamba. Chobowolera chikagwera m'phanga lodzaza matope, mpweya umathawira m'mbali, zinyalala za mwala sizikweranso, khoma limayamba kugumuka. Pamenepo amakuuzani kuti pakufunika casing yachitsulo, mita iliyonse mtengo wake, makina ali kale pabwalo panu. Mukana bwanji? Mukaumira, mjigo umadzapopa matope mpaka mpope kupsa.

Katswiri wa madzi apansi woima payekha amafuna ndalama patsogolo, koma sapindula ndi kuya kwa dzenje. Amayamba ndi mapu a miyala ndi madzi apansi a Lusaka, monga amene boma linapanga mothandizana ndi bungwe la BGR la ku Germany. Kenako amakhoma zitsulo m'nthaka, n'kulowetsa magetsi kuti aone pamene mwala wasweka kapena wafewa. Nayenso ali ndi malire. Kuti aone mamita 60 pansi pamafunika mzere wa mamita 200 kapena kuposerapo, ndiye pa poloti ya mamita 20 kwa 30 ayenera kutulukira mumsewu, ndipo mapaipi achitsulo ndi nthambo za magetsi zimasokoneza zotsatira. Dongo lonyowa nalo limatha kuoneka ngati madzi. Muumirire lipoti losonyeza malo awiri, kuya koyembekezeka ndi casing yofunika, kuti wobowola akupatseni mtengo wonse asanalize injini.

Pa ukhondo wa madzi, anayi onsewa sathandiza, kupatula katswiriyo pang'ono. Ku Kanyama ndi ku Chawama madzi ali pafupi kwambiri moti nthawi ya dzinja amatulukira pamwamba, ndipo ming'alu yomweyo imanyamula zam'chimbudzi mofulumira osazisefa. Kolera wa 2017 mpaka 2018 anakantha kwambiri madera otere. Malamulo a 2018 a WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi ku Zambia, amafuna wobowola wachiphaso, mjigo wolembetsedwa, ndi mamita 30 kuchoka pa chimbudzi kapena soakaway (dzenje lomwetsa madzi onyansa m'nthaka), kuphatikizapo ya neba. Pamwamba pa mjigo patsekedwe ndi simenti mamita osachepera 5. Madzi akayezedwe ku labu: tizilombo ta E. coli tochokera m'chimbudzi tisapezeke, mchere wa nitrate usapitirire mamiligalamu 50 pa lita, ndipo mubwerezenso mu Febuluwale mvula itakhathamira.

Ine ndimasankha aneba choyamba, katswiri wolipidwa chachiwiri. Yaulere ija ilandireni pokhapokha kampaniyo italemba kuti dzenje louma simulipira.