Musanagulitse ng'ombe chifukwa cha impso, mvani zomwe zatigwera ku India

Abale anga a ku Ulongué, Dómuè ndi Tsangano, uno ndi mwezi wanga wachisanu ku India. Ndinabwera kudzapereka impso yanga kwa achimwene, amene anali atatopa ndi makina osefa magazi, katatu pa sabata.

Ejenti yemwe tinamupeza pa WhatsApp anati madola 15,000 akwanira zonse, ndipo impsoyo achimwene adzakalamba nayo. Tinagulitsa ng'ombe 9 ndi kachewere yense wa chaka chatha, malume n'kutikongoza zotsalazo. Opaleshoni inayenda bwino, pamenepo sindinganame. Koma itakwana sabata ya 10, creatinine (zinyalala za m'magazi zimene zimachuluka impso ikafooka) anayamba kukwera, adokotala nati pafunika biopsy, kutanthauza kutapa kanyama ka impso kuti akakayeze. Ejenti uja foni osayankhanso. Biopsy madola 500, kuyeza C4d (chizindikiro choti chitetezo cha thupi chikuukira impso) 150, kuyeza ma antibody (asilikali a thupi) m'magazi 300. Papepala lake zonsezi panalibe. Kuba kwake kumeneko, kubera munthu wodwala!

Anawabaya singano m'munsi mwa mimba, pomwe anaika impsoyo, n'kutapa kanyama kowonda ngati ulusi. Ndinakaona ndi maso anga kakuyandama m'kabotolo. Achimwene anagona chagada maola 6 osatembenuka.

Munthu mmodzi yekha ndiye anatiuza zoona: mayi wina womasulira, amene sanatilipiritse kanthu tsiku limenelo. Anatikhazika pansi ndi adokotala kuti timve zotsatira za biopsy. Madokotala amaziwerenga potsata ndondomeko yotchedwa Banff, imene inayambira ku Canada mu 1991. C4d akapezeka m'timitsempha ta impso, m'magazi mulinso ma antibody olimbana nayo, ndiye kuti thupi likuikana, ndipo impso yotere kawirikawiri sikhalitsa. Zilembo za ci ndi ct pa zotsatirazo zimanena za zipsera za mu impso. Kutupa kumachizika kukadziwika msanga, koma chipsera sichifufutika, ndipo zikachuluka masiku a impsoyo amachepa. Palinso kachirombo ka BK, komwe kamaoneka ngati thupi likukana impso, chonsecho mankhwala ake n'kuchepetsa mapiritsi oletsa thupi kukana impso, osati kuwonjezera. Ndiye ejenti wolosera ali pa foni angadziwe chiyani?

Achimwene anapezeka ndi kutupa, C4d palibe, zipsera zochepa. Analandira steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, mudiripi masiku atatu, creatinine n'kutsika. Tikanakwera ndege kubwerera kwathu msanga monga ankafunira ejenti, bwenzi impso yanga ikufera m'thupi mwawo ife osadziwa.

Inu amene mukulota kuti mukangoikidwa impso basi mwachira, dzukani. Tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana impso, ndi wakumwa tsiku ndi tsiku mpaka kalekale, magazi n'kumayezetsabe. Ndipo wokuuzani kuti akupezerani impso yogula, muthaweni: lamulo la India la 1994 limaletsa malonda amenewo, ndipo ife komiti yovomereza opaleshoniyi inatifunsa mapepala otsimikiza ubale wathu. Musanatumize ngakhale metikali imodzi, ejenti alembe mtengo wa biopsy, wa C4d ndi wa mankhwala a chaka choyamba. Akakana, ng'ombe zikhale m'khola.