Vinyo wa thovu wa banja lina lomwe limalima mwa organic: ndakaona, ndalawa, nayi nkhani yake

Anzanga okonda vinyo wa thovu, ndati ndikuuzeniko za kamunda ka mpesa komwe ndinakafika chifukwa kuchokera tsiku limenelo botolo sindikuliona chimodzimodzi ayi. Ndi ka banja limodzi basi, bambo, mayi ndi mwana wawo wamkazi amene panopa ndiye akuyendetsa zofulula, kuphatikiza anthu ochepa omwe amabwera kudzathandiza nthawi yokolola. Palibe chigeti chachikulu, palibe wolandira alendo wa yunifomu, mumafika mkupeza mayi ali ndi zidebe m'manja ndipo amakuuzani kuti dikirani pang'ono ndimalize izi.

Tinayambira kumunda osati kumagalasi, ndipo ine izi zinandisangalatsa kwambiri. Chinthu choyamba kuona ndi udzu. Pakati pa mizere ya mpesa pali udzu ndi timaluwa ndi zomera za mtundu wa nyemba zomwe amachita kudzala dala kuti zibwezere chonde m'nthaka, wina atha kunena kuti munda wosasamalika koma ayi ndithu, ndi mmene ulimi wa organic umakhalira, sathira mankhwala opha udzu, sathira feteleza wa kufakitale, udzu ukakula amautchetcha kapena kulima pang'ono m'tsinde mwa mpesa. Bambo aja anakumba ndi dzanja mkundionetsa nyongolotsi, nkhope yawo ikuwala ngati akundionetsa mdzukulu.

Koma musaganize kuti organic ndiye kuti sapopera kalikonse, apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Mpesa uli ndi mdani wamkulu, matenda a chuku otchedwa mildew omwe amagwira masamba ndi mphesa mvula ikachuluka, ndipo alimi a organic amaloledwa kupopera kopa ndi salfa. Vuto lake mankhwala amenewa amangokhala pamwamba pa tsamba, salowa mkati, ndiye mvula ikagwa yambiri amakokoloka, uyenera kubwereranso ndi thirakitala kukapopera, nthawi zina usiku kapena m'bandakucha. Komanso kopayo sungangothira mmene wafunira chifukwa amaunjikana m'nthaka, ku mayiko a European Union malire ake ndi makilogalamu 28 pa hekitala pa zaka 7, kutanthauza pafupifupi makilogalamu 4 pa chaka. Mwana wawo uja anandiuza poyera kuti chaka china cha mvula yambiri anataya gawo lalikulu la zokolola akuona ndi maso, ndipo bambo ake anatsala pang'ono kusiya za organic zonsezo. Sanabise, sanakometse. Ndipo dziwani kuti munda wa mpesa umatenga zaka 3 ukutsatira malamulo onsewa usanaloledwe kulemba mawu oti organic pa lebulo, zaka zitatu ukuvutika koma osapindula ndi dzinalo.

Mphesa zawo ndi Chardonnay ndi Pinot Noir, amathyola ndi manja, phava lathunthu, m'makreti ang'onoang'ono kuti zapansi zisaphwanyike. Amakolola msanga zisanapse kwambiri chifukwa vinyo wa thovu amafuna kuwawasa, shuga akachuluka m'mphesa vinyo amatuluka wolemera wopanda moyo. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, Pinot Noir ndi mphesa yakuda koma madzi ake ndi oyera, mtundu uli m'khungu, ndiye akafinya mofatsa mkuchotsa madziwo msanga vinyo amatuluka woyera bwinobwino. Ku Champagne, dera la ku France lotchuka ndi vinyo wa thovu, malamulo amati pa makilogalamu 4,000 a mphesa ungofinya malita 2,550 basi, ndipo malita 2,050 oyambirira ndiwo abwino kwambiri. Banjali limachitanso chimodzimodzi, madzi oyamba amaika padera, omaliza salowa m'botolo lawo labwino.

Tsopano kuchipinda chapansi. Kozizira, kamdima, kafungo ka chinyezi ndi yisiti, mabotolo atagonekedwa khoma lonse opanda lebulo, fumbi lili mbuu. Apa ndi pomwe ndinakhala nthawi yaitali ndipo mundilole ndifotokoze bwino chifukwa ndalama yomwe mumalipira ili pano.

Vinyo amawira kawiri. Koyamba ndi m'thanki kapena m'migolo, amatuluka vinyo wamba wopanda thovu, wowawasa zedi, anandilawitsa ndipo mano anachita dzanzi. Kenako amasakaniza wa m'magawo osiyanasiyana a munda, amathiramo yisiti ndi shuga pafupifupi magalamu 24 pa lita, mkutsanulira m'mabotolo mkutseka ndi kachitsekerero kachitsulo ngati ka pa botolo la mowa. Yisiti ija imadya shugayo mkati mwa botolo momwemo, mpweya umene umatuluka ulibe kothawira ndiye umasungunuka mu vinyo, thovu lija ndi limenelo, palibe amene amalipopera ndi mashini. Mphamvu yake imafika ma bar 5 mpaka 6, kuposa kawiri mpweya wa mu tayala la galimoto, nchifukwa chake mabotolo a vinyo ameneyu amakhala okhuthala komanso olemera. Njira imeneyi ndi yomwe amagwiritsa ntchito ku Champagne, pa Cava ku Spain, pa Franciacorta ku Italy, pa Cap Classique ku South Africa. Prosecco wambiri, wa thovu wina wa ku Italy, sapangidwa chonchi, amawira kachiwiri m'thanki yaikulu, nchifukwa chake amatuluka msanga ndipo amakoma ngati zipatso chabe.

Yisiti ikamaliza ntchito imafa mkukhala nsenga pansi pa botolo, ndipo vinyo amasiyidwa pansengazo. Miyezi, zaka. Nsenga zija zikamaphwanyika pang'onopang'ono ndi zomwe zimapatsa vinyo kafungo ka buledi wongotuluka mu uvuni ndi kusalala kwina pakamwa. Ku Champagne botolo wamba silingagulitsidwe miyezi 15 isanakwane, ndipo la chaka chimodzi chotchulidwa pa lebulo limadikira zaka 3. Tangoganizani banja laling'ono, ndalama yonse ya botolo, ya antchito, ya dizilo yalowa kale, koma katundu ali gone m'mdima zaka zikudutsa osabweretsa kalikonse. Mayi aja anati nthawi zina mtima umafuna kutulutsa msanga kuti alipire ngongole koma mwana wawo amakana, ndipo ananena izi mwanayo ali pomwepo akuseka.

Nsengazo ziyenera kutuluka, apo ayi vinyo akhala wambuu. Ali ndi matabwa oboolaboola oimika ngati denga, botolo amalilowetsa chakukhosi, tsiku lililonse munthu amalipotoza pang'ono ndi kulipendeketsa pang'ono mpaka patatha masabata angapo laima chadodolido nsenga zonse zasonkhana pa chitsekerero. Njirayi inayambira kwa Veuve Clicquot, kampani ya vinyo ya ku Champagne, cha m'ma 1816. Masiku ano opanga ambiri ali ndi mashini otchedwa gyropalette omwe amanyamula mabotolo 504 nthawi imodzi mkumaliza pa sabata imodzi yokha, ndipo kunena zoona vinyo wake sakhala woipa chifukwa cha mashiniwo. Banjali silinanamize kuti zonse ndi zamanja, mabotolo akuluakulu ndi ena apadera amapotoza okha, otsalawo amapita ku mashini. Ndinawakonda chifukwa cha chilungamo chimenecho. Pomaliza amaumitsa khosi la botolo m'madzi ozizira koopsa, nsenga zimagwidwa mu kachidutswa ka ayezi, akatsegula mpweya umakankha kachidutswako phu, kenako amadzazitsa pomwe pachepa mkutseka ndi koko, chitsekerero cha khungwa la mtengo, ndi kawaya kaja.

Podzazitsapo ndi pomwe amathira kashuga komaliza, ndipo mawu a pa lebulo amachokera apa. Brut ndiye kuti shuga sakufika magalamu 12 pa lita, extra brut ndi 0 mpaka 6, brut nature ndi wosapitirira 3 ndipo sathiramo shuga aliyense.

Ndinalawa atatu. Woyamba brut wosakaniza mphesa zonse ziwiri, eeh abale, thovu lake laling'onoling'ono losalasa lilime, fungo la apozi ndi ndimu ndi kabuledi kaja kumapeto, ukameza kukoma kumatsalira mkamwa kwa nthawi. Ameneyu ndi amene ndingauze aliyense kuti ayambire. Wachiwiri wa Chardonnay yekha, brut nature, wakhala pansenga nthawi yaitali kuposa onse, ndipo ndi amene mwana wawo amanyadira kwambiri. Ndinena mmene ndinamvera, galasi loyamba linandivuta, ndi wakuthwa, wouma gwa, ngati pali kamchere. Nditamusiya pang'ono m'galasi kuti kuzizira kuchepe anayamba kutseguka, kukabwera fungo la mtedza wokazinga ndi uchi patali, koma ngakhale choncho si wa aliyense, munthu amene anazolowera vinyo wotsekemera adzakwinya nkhope. Wachitatu ndi rosé, vinyo wa pinki, wa Pinot Noir, mtundu wake wokongola, fungo la sitiroberi, koma kwa ine anali wofooka poyerekeza ndi anzakewo, kukoma kumatha msanga. Nditawauza sanakwiye, anati chinali chaka chovuta chija ndipo iwonso akudziwa.

Apa ndi pomwe pali kusiyana ndi makampani akuluakulu. Iwo ali ndi vinyo wosunga wa zaka zambiri ndi mphesa za minda yambirimbiri, amasakaniza mpaka botolo la chaka chino lifanane ndendende ndi la chaka chatha. Banja la munda umodzi lilibe pothawira, chaka chikavuta mudzachimva m'galasi, chikakoma mudzachimvanso. Ine ndimakonda zimenezo koma ngati mukufuna chinthu chosasintha mwina mudzakhumudwa.

Zodandaula zilipo ndithu. Kuwapeza ndi ntchito, imelo yanga inatenga masiku ambiri isanayankhidwe ndipo foni imangoitana chifukwa onse amakhala ali kumunda, ndiye konzekerani nthawi ikadalipo, musangotulukira makamaka nthawi yokolola. Malo olawira ndi tebulo limodzi pakona, mukakhala gulu lalikulu ena adzaima. Masitepe otsikira pansi ndi otsetsereka komanso onyowa, kwa achikulire kapena oyenda movutikira si bwino, ndipo izi akanayenera kunena pasadakhale. Komanso lebulo lawo silinena tsiku lomwe anachotsa nsenga, chonsecho kwa vinyo wotere tsikulo limathandiza kudziwa ngati botolo ndi latsopano kapena lakhalitsa, ndinawapempha kuti aziika ndipo anati aganizira.

Wina anandifunsa ngati vinyo wa organic sapweteketsa mutu. Ayi anzanga, mowa ndi mowa, uli cha m'ma 12 peresenti, ukamwa wambiri mutu udzakuwawa basi. Ma sulfite, mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke, amathiramo ochepa kuposa malire a vinyo wamba koma alimo, ndipo lebulo limanena.

Mtengo ndi wokwera kuposa wa thovu wa mu supamaketi, koma nditaona masitepe aja ndi mabotolo ogona zaka ndi udzu wotchetcha ndi thirakitala ya usiku sindinanenerere. Ndinatenga brut atatu ndi brut nature mmodzi. Mukagula musaziziritse mpaka kuuma, madigiri 8 mpaka 10 ndi okwana, ndipo musamwere mu tigalasi tating'ono totalika tija, tengani galasi la vinyo woyera lotambasuka kuti fungo lituluke. Potsegula gwirani koko mwamphamvu mkupotoza botolo osati kokoyo, lizingoti fyuu pang'ono. Brut nature uja ndamugoneka pamalo amdima, mwana wawo anati ndimupatse chaka china ndisanatsegule, ndipo ndimumvera.