BlueJ inandithandiza kuphunzitsa mphwanga ma constructor

Mphwanga anabwera kwathu pa holide atakhumudwa ndi Java, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Kukoleji anawapatsa ntchito yolemba class (pulani ya chinthu mu pulogalamu) yokhala ndi ma constructor angapo (mizere imene imapanga chinthucho, yonse yotchedwa dzina la class yomweyo), ndiye funso lake linali limodzi basi: "Achimwene, poti dzina ndi lomwelomwelo, kompyuta imadziwa bwanji yoti itenge?" Ndinamufotokozera pakamwa, ndinajambula papepala, koma osaphula kanthu. Tsiku lachitatu ndinayika BlueJ pa laputopu yanga yakale ija.

BlueJ ndi pulogalamu yaulere yolembera Java. Anaipanga ndi Michael Kölling ndi John Rosenberg ku Monash University ku Australia, inatuluka mu 1999, ndipo cholinga chake chinali kuphunzitsira oyamba kumene. Ya Windows imabwera ndi Java yake momwemo, choncho simuvutika kufunafuna JDK (zida zoyendetsera Java) padera. Mukaikopera kamodzi, sifunanso intaneti, zomwe bandulo yanga inayamikira.

Tinalemba class yotchedwa Kasitomala, potengera kabuku ka ngongole ka pa grosale ya amayi. Constructor yoyamba inkalandira dzina lokha, Kasitomala(String dzina). Yachiwiri inkalandira dzina ndi ndalama zimene munthu wakongola, Kasitomala(String dzina, int ngongole). Apa ndi pamene BlueJ imaposa zinzake. Class imaoneka ngati kabokosi pa sikirini, ndipo mukadina batani lakumanja la mausi pa kabokosiko, ma constructor onse amandandalikidwa, iliyonse pamzere wake. Mwasankha imodzi, kazenera kakutulukirani kakufunsa zoti mulembe. Mphwanga analemba dzina opanda zizindikiro za " " ndipo inakana, mpaka anakumbukira kuti String, kutanthauza mawu, imafuna zimenezo. Atakonza, kabokosi kofiira kanatulukira pansi: imeneyo ndiye object, kasitomala mmodzi wopangidwa kuchokera ku class ija. Anapanganso kena pogwiritsa ntchito constructor inayo, kenako tinadina Inspect pa tonse tiwiri kuti tione zam'kati: m'koyamba ngongole inali 0, m'kachiwiri 3500. Anangoti, "Oo, ndiye imayang'ana zimene ndaipatsa!" Ine masiku awiri ndikuyankhula chinthu chomwecho.

Kenako ndinamutchera msampha dala. Ndinati awonjezere Kasitomala(String mudzi). Mzere wofiira unatuluka pomwepo, uthenga ukunena kuti constructor imeneyo ilipo kale. Java siwerenga mayina ngati dzina kapena mudzi. Imangoona mtundu wa zinthu, kuchuluka kwake ndi ndondomeko yake, ndiye String imodzi ndi String imodzi kwa iyo n'chimodzimodzi. Chinanso chimene anachiona ndi maso: constructor yopanda kanthu ija, imene Java imakupatsani mwaulere, inasowa pamndandanda titangolemba yathu. Ambiri izi amazidziwira pa mayeso, mochedwa.

Tinamaliza ndi this(dzina, 0), kuti constructor yaifupi iziyitana yaitali m'malo mobwereza mizere yomweyo kawiri. Tinaika breakpoint, malo oimitsira pulogalamu, n'kumatsata pang'onopang'ono ndi Step Into, n'kuona ikudumpha kuchoka pa ina kupita pa inzake. Debugger yake, chida chotsatira mizerechi, ndi yosavuta, mabatani ndi ochepa, mwana sasochera.

Koma musaiyese ya ntchito zikuluzikulu. Mu IntelliJ IDEA, pulogalamu ina yolembera Java, ndikadina Alt ndi Insert n'kusankha Constructor, constructor imalembedwa yokha. Mu BlueJ mumalemba ndi zala zanu, ndipo kwa wophunzira ndikuona kuti n'zabwino, koma kwa ine amene ndili ndi ma class makumimakumi kuntchito zingandichedwetse. Mabokosi aja akachuluka, mivi yake imapiringizana ngati mawaya a magetsi kumsika. Palinso ngozi ina: munthu akazolowera kupanga ma object ndi mausi, amaiwala kulemba new Kasitomala(...) mkati mwa main, pamene pulogalamu imayambira. Mphwanga ndinachita kumukakamiza kuti alembe yekha mu Code Pad, kazenera koyesera mizere ka BlueJ, kenako mu main, asanabwerere kusukulu.

Amene munayambira Python samalani. Kumeneko mukalemba __init__ (constructor ya Python) kawiri, yachiwiri imangofafaniza yoyamba mwakachetechete, ndiye mndandanda wa BlueJ uja udzakudabwitsani tsiku loyamba.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi kwa munthu wa chaka choyamba. Mphwanga wanyamula kale yake pa fulashi, akuti anzake atatu a m'chipinda mwake akuidikira.