Saugus kapena Hopewell: kokaphunzira za chitsulo cha nthawi ya atsamunda ku America

Kwa inu amene mukufuna kuona ndi maso mmene chitsulo chinkayendetsera chuma m'madera amene Britain ankalamulira ku America, boma la United States limasunga malo awiri otchuka amene kale ankasungunulirako chitsulo, Saugus ku Massachusetts ndi Hopewell ku Pennsylvania, koma zimene mungaphunzire kumalo awiriwa n'zosiyana.

Ntchito ku Saugus inayamba mu 1646 ndi ndalama za anthu a ku England, atsamunda atatopa kudikira sitima zobweretsa misomali, makasu ndi miphika. Mtapo wa chitsulo ankaukumba m'madambo, makala ankawotcha m'nkhalango zapafupi, ndipo madzi a mumtsinje wa Saugus ankazunguza magudumu opopa mivukuto ndi kukweza nyundo yaikulu. Panalinso makina ophwatalitsa chitsulo n'kuchidula timizere tosulira misomali, ndipo amenewa ndi oyenera kuwayang'anitsitsa, chifukwa mu 1750 nyumba ya malamulo ya ku London inaletsa kumanga makina atsopano a mtundu umenewu, kwinaku ikuchotsa msonkho pa chitsulo chosasula chochokera ku America. Cholinga chinali chakuti atsamunda azitumiza chitsulo ku Britain, kenako azigula zipangizo zosulidwa kumeneko. Ena mwa antchito a ku Saugus anali akaidi a ku Scotland ogwidwa pa nkhondo ya ku Dunbar mu 1650. Ngongole ndi milandu zinagwetsa ntchitoyi cha m'ma 1670, choncho ng'anjo ndi chipala zimene mlendo amaona lero zinamangidwanso m'ma 1950, akatswiri atafukula maziko ake.

Hopewell inamangidwa ndi Mark Bird cha m'ma 1771, pamene madera a atsamundawa anali pafupi kufika popanga gawo limodzi mwa magawo 7 a chitsulo cha dziko lonse lapansi. Ubwino wake ndi wakuti mumaona mudzi wonse wodalira ng'anjo imodzi, kuyambira nyumba yaikulu ya mwini ntchito, sitolo, nyumba za antchito, mpaka powotchera makala. Bird anali ndi akapolo, ndipo nkhondo yofuna ufulu itabuka ng'anjo yake inapanga mizinga ndi zipolopolo zomenyera Britain yemweyo.

Vuto la Hopewell ndi lakuti ng'anjoyo inagwira ntchito mpaka 1883, ndipo malowo anakonzedwa kuti azioneka mmene analili pakati pa 1820 ndi 1840, nthawi imene ankapanga mbaula zambiri ulamuliro wa Britain utatha kale. Pa chifukwa chimenechi, wofufuza za nthawi ya atsamunda yeniyeni ndingamulangize Saugus, ngakhale kuti nyumba zake zambiri ndi zomangidwanso. Hopewell ikuyenera amene akufuna kuona mmene mabanja a osungunula chitsulo ndi owotcha makala ankakhalira pansi pa bwana mmodzi.