Kugula nyumba ku England: solicitor kapena licensed conveyancer?

Mukamagula nyumba ku England kapena ku Wales ndi ngongole ya ku banki, mapepala ake amafunika katswiri. Mungasankhe pakati pa anthu awiri.

Solicitor ndi loya wodziwa malamulo a mitundu yambiri, ndipo amayang'aniridwa ndi Solicitors Regulation Authority. Koma licensed conveyancer amangodziwa kwambiri za malo ndi nyumba. Ntchito yake inabwera ndi lamulo la 1985, ndipo oyang'anira ake ndi a Council for Licensed Conveyancers.

Ngati nyumbayo ilibe mikangano, onse amachita zofanana: kufufuza ku khonsolo ngati pamalopo pakukonzedwa msewu, kusinthana makontrakiti ndi wogulitsa, kulipira msonkho wogulira nyumba (ku England ndi Stamp Duty, ku Wales ndi Land Transaction Tax), kenako kulembetsa dzina lanu ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsako eni malo ndi nyumba. Apa conveyancer nthawi zambiri mtengo wake umakhala wofewerapo.

Koma nkhani ikavuta, mwina mwini nyumba anamwalira ndipo ana akukanganirana chuma, kapena mpanda wa neba unalowa m'malire, ine ndingapite kwa solicitor. Zikafika kukhoti, ofesi yake ikhoza kupitiriza nazo.

Funso loyamba lisakhale la mtengo ayi. Funsani ngati ali pa mndandanda wa akatswiri ovomerezedwa ndi banki imene ikukubwerekani ndalama. Akapanda kukhalapo, banki imapeza loya wakewake, inu n'kulipira onse awiri. Ndipo amene estate agent (wothandiza mwini nyumba kupeza wogula) akukukankhirani musamuthamangire, pena pamakhala kangachepe kamene amalandira akakutumizani kumeneko.